Galasi la ku Khonjeni

Mukafika pa esiteti ya tiyi ija ya ku Thyolo n'kufunsa a Gideoni, anthu amakulozerani kugalaja, ngakhale kuti mkuluyu anapuma ntchito kalekale. Anabadwira m'nyumba za antchito kuseri kwa fakitale. Anayamba ndi kuthyola tiyi, dengu lili kumsana, kenaka kapitawo wina anawasamutsira kotsuka magalimoto. Kuchokera pa ndowa ndi chiguduli anafika pa chiwongolero, ndipo pomaliza anagwira sipanala. Zaka makumi anayi zonsezo galimoto ya pamtima pawo inali imodzi, Pijoti 404 yobiriwira, imene inafika pa esitetiyo iwo asanamere ndevu.

Akazi awo, a Dainess, ankanena poyera kuti ali pa mitala. "Mkulu wa mpingo wa Adiventi wathunthu, koma mkazi wachiwiri ali kugalaja," ankatero. A Gideoni sankakana. Mamanejala ankabwera n'kumapita, koma Pijoti inalipobe, ntchito yake kuyendetsa alendo m'minda ya tiyi, ndipo madalawo ankabwera kudzaipukuta kawiri pa sabata popanda wowaitana.

Ndiye kunabwera a Reginald, manejala watsopano wochokera ku Lilongwe, wa nsapato zosongoka ndi foni yosachoka kukhutu. Munthu wosadziwa ndi fungo lomwe la gilizi. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kuletsa zikwakwa n'kugula kamakina kodulira kapinga, kaphokoso ngati mavu. Lachitatu lina Pijoti ili panja itangotsukidwa, kamakina kaja kanatola mwala n'kuuponya pa galasi la chitseko cha dalaivala. Galasi lonse linangoti waa, kugwera pampando ngati mchere wa pamsika.

A Reginald anafika manja ali m'thumba, osapepesa n'komwe.

"Madala, galimoto yanuyi yatha basi. Lamulungu pa teni koloko kukubwera alendo ochokera ku likulu. Ikakhala idakali ndi bowo, ituluke m'galajamu tiikemo thirakitala."

"Galasi lipezeka, bwana," anayankha a Gideoni.

Lachinayi anaimba mafoni m'mashopu a ku Limbe. Ena anaseka, ena anafunsa ngati 404 ndi nambala ya nyumba. Amene anawathandiza ndi wakabaza wina wa pa siteji, yemwe anati ku Khonjeni kuli galimoto yonga yomweyo, pakhomo pa mayi wamasiye, a Tisungeni, amene amuna awo ankachita nayo matola. Sananene kuti galimotoyo ikugwira ntchito yanji masiku ano.

Lachisanu m'mamawa a Gideoni anakwera kabaza, chiperoni chikuwaza, bulangete la a Dainess atalikwapatira. Atafika anaiona Pijoti ija ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, matayala kulibe, maungu atayanga pamwamba. Asanayandikire n'komwe, fungo linawalandira. Mayi aja anali ataisandutsa khola la nkhuku.

Zinali zonyansa, tisabise. Zitosi zinali zitaunjikana mpaka kukwirira mapedulo, zapansi zouma, zapamwamba zaziwisi. Pamene panali mpando wa dalaivala panali thadzi likufungatira mazira. Chiwongolero chinali chogonapo tambala, choyera ndi zitosi mbali zonse. A Gideoni anapotoloka n'kulavula.

"Mayi, galimoto ngati iyi munthu n'kuichita chonchi?"

"Nanga nditani nayo, abambo? Sidontha, ndipo afisi satsegula chitseko," anatero a Tisungeni osatekeseka. "Galasi tengani, latsala limodzi lomwelo, mazenera enawo ndinatseka kale. Koma munditsekere bowolo ndi waya, vumbwe angandimalizire nkhuku."

Galasi lotsalalo linali la chitseko cha dalaivala, lenilenilo limene ankafuna. Koma galasi la Pijoti silichoka chakunja. Munthu uyenera kulowa m'kati, kuchotsa chikuto cha chitseko, kumasula handulo yopukusira, ndi kulipendeka galasilo kuti lituluke m'tinjira take. A Gideoni, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wovala malaya osita ngakhale popita kudimba, anagwada m'zitosi. Mabawuti anali atachita dzimbiri. Utitiri unakwera m'manja, unalowa m'khosi, unafika mpaka m'makutu. Akukoka chikuto cha chitseko, chigongono chinaswa dzira losukusa limene linabisala m'mbali, ndipo anasanza tiyi yense wa m'mawa. Sanatuluke mpaka galasi litatuluka lathunthu, lopanda ndi mng'alu womwe.

Kenaka anadula waya wa khola, anapinda m'mbali mwake bwinobwino, n'kutseka bowo lija monga analonjezera. Pobwerera analifungatira galasilo pachifuwa m'bulangete, akumuuza wakabaza kuti aziyenda ngati wanyamula mayi wodwala. Wakabazayo anayenda njira yonse atatseka mphuno ndi kolala.

A Gideoni anafika kugalaja faifi koloko itapitirira. Anatsuka galasi katatu ndi sopo, zitosi za zaka khumi zikukana kuchoka. A Reginald anabwera ndi akazi awo, a Enid, kudzaona, ndipo a Gideoni anawafotokozera zonse, za maungu, za tambala, za waya anatseka pazenera uja, akugwedeza mutu. A Enid anamvetsera mwachidwi ndithu.

A Gideoni anachotsa chikuto cha chitseko, anasesa magalasi osweka, anapaka gilizi pa handulo. Panatsala ntchito ya ola limodzi. Atasuzumira panja anaona dzuwa lakhudza mabulugama a kumapeto kwa munda. Anapukuta manja, anaika sipanala m'bokosi.

"Bwanji madala? Malizani," anatero a Reginald.

"Sabata lalowa, bwana. Chibadwire sindinagwirepo sipanala dzuwa la Lachisanu litalowa. Lamulungu faifi koloko m'mawa ndili pano, ikamakwana seveni galimoto ili panja. Galasili ndaligoneka pa bulangetepa. Chonde, munthu asalikhudze."

Aliyense wa ku Thyolo akanangoti chabwino, poti Sabata la a Gideoni ankalidziwa ndi agalu omwe a pa esiteti. Koma a Reginald anaona ngati n'chipongwe. Loweruka m'mawa, a Gideoni ali ku tchalitchi akuimba nyimbo, utitiri ukuwayabwabe pansi pa jekete, manejala anatumiza galimoto ku boma kukatenga a Benard, mmisiri woika magalasi m'mazenera a nyumba.

A Benard si munthu woipa, koma chimene amadziwa ndi nyumba. Anatulutsa tepi, anayeza bowo la chitseko, anayeza galasi, n'kupeza kuti galasi lakula ndi zala ziwiri uku ndi uku. Inde linali lalikulu, nanga si mbali zake zimabisala m'tinjira ndipo kunsi kwake kumakhala m'kati mwa chitseko? Iwo anangoti madala aja abweretsa saizi yolakwika, ndipo a Reginald anavomera msangamsanga, poti ndi zimene ankafuna kumva. A Benard anatenga kodulira kawo, anagoneka rula, anakanda mzere, n'kukanikiza kuti athyole monga amachitira tsiku lililonse. Galasi la galimoto ndi lowotcha, silidulika. Linaphulikira m'manja mwawo.

Lamulungu a Gideoni anafika kusanayere, atanyamula labala watsopano wa m'mbali mwa galasi. Anapeza bulangete la a Dainess lili pomwe analisiya, pamwamba pake mulu wa timagalasi, wina atatisesera pamodzi mwaulemu. Pabowo la chitseko panali pepala la pulasitiki lomata ndi tepi ya bulauni, yomatidwa pa penti yeniyeniyo. Fungo la ku Khonjeni linawabwerera kukhosi, koma ulendo uno panalibe nkhuku.

A Reginald anatulukira cha m'ma eyiti.

"Mukanamaliza Lachisanu, madala, zonsezi sizikanachitika."

"Ndinati munthu asalikhudze, bwana."

"Basi zachitika. Kapezeni lina."

"Linali lomaliza."

Alendo anayendetsedwa pa galimoto ya a manejala. Lolemba anthu anayi anaikankha Pijoti kuichotsa m'galaja, n'kukaisiya kuseri kwa nyumba ya a Reginald, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo thirakitala inalowa m'malo mwake. A Gideoni anakhala milungu iwiri osaponda ku esiteti. A Dainess, amene anatsuka bulangete lija kanayi lisanasiye kununkha, sanatchulenso za mitala.

Mlungu wachitatu a Enid anaitanitsa a Gideoni. Madalawo anawapeza mayiwo ataima pafupi ndi Pijoti, pambali pawo mpukutu wa waya ndi dengu lalikulu lovundikira, m'kati mukumveka kulira.

"Madala, nkhani munatiuza ija ya mayi a ku Khonjeni inandipatsa nzeru. Ndagula nkhuku khumi ndi ziwiri. Mungandiikire waya pazenerapa ngati munawaikira iwo aja?"

A Gideoni anayang'ana mayiwo, anayang'ana galimoto. Mapeyala akugwa anali atasiya kale timaenje padenga. Anafuna kulavula, koma panali pakhomo pa eni.

"Mukakhala kuti mwatanganidwa musavutike," anapitiriza a Enid. "Ndiitana a Benard adzangokhomapo misomali."

"Ayi mayi, a Benard asabwere. Ndiika ndine."

Anachotsa pulasitiki ija pang'onopang'ono kuti tepi isakokere penti. Anayeza waya, anadula, anapinda m'mbali mwake kuti usakande chitseko, n'kuulowetsa m'tinjira momwe mukanayenda galasi. Labala watsopano uja anamuikanso, poti anali naye m'thumba. Sanaboole paliponse, sanakhome msomali ndi umodzi womwe. A Enid anayamikira kuti ndi ntchito yaukhondo kwambiri.

Kenaka mayiwo anatsegula chitseko n'kupendeketsa dengu lija. Thadzi loyamba linadumphira pa mpando wa dalaivala, linazungulira kawiri, n'kusiya chitosi pamene a Gideoni anakhala zaka makumi anayi. Madalawo anatulutsa chiguduli m'thumba la kumbuyo, anawerama n'kupukuta. Akuweramuka, lachiwiri linali litakwera kale pa chiwongolero.