Sabata Imene Kompyuta ya Bambo Inakhala Chete

Bambo anga atasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga, ndinawapezera kompyuta yakale imene sukulu yomwe ndimaphunzitsa ku Chulu inkafuna kutaya. Ndinaikamo mapulogalamu aulere aja, olembedwa ndi anthu ongodzipereka, kuphatikizapo ina yowerenga mokweza. Masana ankakhala pakhonde n'kumamvera Masalimo. Mawu a kompyutayo anali ngati a munthu wachimfine, koma bambo ankawakonda.

Mapulogalamuwa amadalirana ngati mitengo ya chigafa cha fodya. Yowerengayo imatsamira pa ina yotulutsa mawu, iyonso pa inzake, ndiye ukasintha imodzi uyenera kusintha zonse. Kwathu intaneti ndi yovuta, choncho zatsopano ndinkapita pa njinga kukazitenga ku boma, pashopu ya intaneti, n'kuziika pa fulashi.

Lachiwiri lina, nyengo yosoka fodya, kompyuta inangoti zii. Maganizo anga anathamangira kwa alamu, amuna a mng'ono wanga. Munthuyo ali ndi zala zoyabwa. Wailesi yathu anaimasula kamodzi, mpaka lero imagwira siteshoni imodzi.

"Alamu, dzulo munaigwira?" ndinawafunsa.

"Ine ndinaswera m'chigafa, alamu. Taonani manjawa."

Manja analidi bii ndi utomoni wa fodya, koma sindinakhulupirire. Ndinakayikiranso batire ya sola, mayi wa pashopu ya intaneti ku boma, ngakhale anthu akutali olemba mapulogalamuwo. Munthu angakupatse chinthu chaulere osafunapo kanthu? Kompyuta ndinayamba kupita nayo kusukulu m'chikwama. Lamlungu alamu sanabwere kudzacheza monga mwa masiku onse, ine ndinati eya, mtima ukuwatsutsa.

Patatha sabata ndinatsegula kaundula amene kompyuta imasunga wa zonse zoikidwa ndi zochotsedwa. Pulogalamu yowerenga inachotsedwa Lolemba masana, nthawi imene ndinali nditangofika kuchokera ku boma. Apa m'pamene ndinakumbukira. Tsikulo intaneti inkadukaduka, ndiye ndinangotenga mapulogalamu ang'onoang'ono, aakulu n'kuwasiyira ulendo wina. Yotulutsa mawu yatsopano inakana kugwirizana ndi yowerenga yakale, ndipo kompyuta inandifunsa ngati ichotse yakaleyo. Ndinavomera osawerenga chifukwa ndinkathamangira kukwaya.

Manyazi anandigwira. Ndinapita pakhonde n'kuwauza bambo zonse.

"Ndinkadziwa," anatero. "Lolemba lija amene ankadina ndiwe. Mlamu wako akayandikira ndimamva fungo la fodya."

"Nanga bwanji simunanene, bambo?"

"Sunandifunse, mwana wanga. Unafunsa aliyense, ndi batire yomwe."

Ndinawalonjeza kuti m'mawa ndipalasa njinga kukatenga zotsalazo, zonse, ngakhale ndiswere komweko.

"Zimenezo ndi za mawa," anayankha. "Lero pita kaye kwa mlamu wako. Sabata yonseyi, iwe ukapita kusukulu ndi chikwama chakocho, iye amasiya fodya m'chigafa kudzandiwerengera Masalimo."