Kingi Wopanda Ndevu

Ngati munaonapo ku Ndirande chikwangwani cha ometa tsitsi, mutu wa munthu uli ngati papaya, limenelo linali dzanja la a Simeon Namakhwa. Zaka makumi awiri akulemba zikwangwani! Pa referendamu ankajambula nyali m'mawa, tambala masana, burashi yomweyo, osaphethira. Lamulo lawo linali limodzi: wojambula weniweni sabwereza chithunzi.

Ndiye mu 1995 mlamu wawo Jerome, wogwira ntchito kosindikiza mabuku ku Makata, anafika kuseri kwa msika kumene madoda ankasewera makadi, atanyamula paketi ya makadi yojambulidwa pa kompyuta. Kingi wake? Kamutu kozungulira, timizere titatu, basi.

"Alamu, dizayini yamakono imeneyi," anatero Jerome.

"Yamakono! Kingi wopanda ndevu? Matipate afika pometa mafumu?"

A Namakhwa analumbira pamaso pa onse kuti akalephera kubweretsa makadi oposa amenewo, burashi yawo akaiponya mumtsinje wa Nasolo.

Mwezi wathunthu anthu ofuna zikwangwani ankabwerera pakhomo. Bambowo ali kalikiliki kudula makatoni a sopo, makadi fifite-thuu. Kingi ndevu mpaka pamchombo. Kwini duku la nsanjika zitatu. Nanga kumbuyo? Lamulo ndi lamulo. Kadi iliyonse chithunzi chakechake: minibasi, chigayo, mbuzi, phiri la Ndirande.

Tsiku loyesa, atagawa koyamba, anthu anaomba m'manja. Atagawa kachitatu, a Wahabu atelala anasuzumira makadi amene Jerome anawagwira mobisa pachifuwa.

"Achimwene, ponyani mbuziyo. Tonse tikudziwa kuti ndi Kingi."

Masewera anafera pomwepo. Ena anachita kugubuduka pansi.

"Anthu osaleredwa!" anakalipa a Namakhwa. "Munthu waulemu amayang'ana kumbuyo kwa makadi a mnzake?"

"Nanga inu madala munajambuliranji?" anayankha a Wahabu.

Lumbiro ndi lumbiro. Gulu lonse linawaperekeza kumtsinje ngati maliro, Jerome patsogolo ndi makadi ake opanda ndevu, amene kumbuyo kwake kunali kofanana ngati mazira. A Namakhwa anavula chipewa, nanena mawu ochepa okhudza mtundu wosayamika, kenaka burashi ija thibu! m'madzi.

Inali ya titsitsi titatu, yotha kale nthawi ya chipani chimodzi. Yabwinoyo inali mu sokosi. Mawa lake anapachika makadi onse pakhoma la shedi yawo, nkhope kukhoma, mbuzi poyera, ndi chikwangwani chofiira pamwamba: OSASEWERA. NZOONERA.