Makala a mumpope

Ku yunivesite anandiwida m'chaka chachiwiri. Ndinalephera masamu kawiri, basi. Ndinabwerera kwathu ku Lifuwu kukapirikitsa mbalame m'minda ya mpunga, anthu akundiitana kuti "a pulofesa" uku akutsinana.

Patapita miyezi ingapo kunabwera mayi amene ankatiphunzitsa kemisitiri. Ankayeza madzi a m'zitsime zoyandikana ndi minda, chifukwa feteleza amalowerera pansi n'kufika m'madzi akumwa. Chitsime cha pamzikiti wathu ndicho chinali choipitsitsa: akangoviika kapepala koyezera, kankafiira. Anamangirira pa thanki ya pachitsimepo mpope wotalika ngati mkono, ndi kasilinda ka mpweya pambali. M'mpopemo munali zinthu zakuda zonga mwaye. Tinali timaulusi ta kaboni, tating'ono kosaoneka ndi maso, tomwe anamatapo tizitsulo ta paladiyamu ndi kopa. Tizitsuloto ndi timene timaphwanya mchere wa feteleza, ndipo timaulusito timangotigwira kuti tisapite ndi madzi. Zinawatengera chaka kupanga zodzaza mpope umodziwo.

"Uziyeza m'mawa uliwonse n'kumalemba m'kope, miyezi itatu," anandiuza. "Zikayenda, ndikulembera kalata yoti akulandirenso."

Kalata imeneyo ndinkaifuna kuposa chilichonse.

Woyang'anira chitsimecho anali amalume anga, munthu wosasowa chonena pa nkhani iliyonse. Tsiku lachiwiri anandiimika anthu akuona.

"A pulofesa, mwaikamo chiyani umu? Anthu amatawaza ndi madzi amenewa asanaswali. Ngati muli mafupa a nkhumba munene."

Ndikanatha kufotokoza. Koma kuseka kwawo kunali kutandikwana, ndipo kaboni m'Chichewa sindinkadziwa kuti ndimutchula chiyani.

"Ndi makala, amalume."

"Makala enieni?"

"Makala basi. Ndisiyeni ndigwire ntchito."

"Ndiye zaka ziwiri zonse zija mumakaphunzira makala?" Anaseka mpaka kutsokomola.

Kapepala kanasiya kufiira. Ndinayeza masabata asanu ndi awiri osadumphitsa tsiku. Kenako madzi anayamba kutuluka modontha, amayi akukhalitsa pamzere ndi ndowa zawo, akutukwana ine. Ndinaimbira aphunzitsi aja, iwo anati ndisakhudze kalikonse, abwera Lolemba. Lachisanu ndinapita ku Chitala kukaona mchemwali wanga amene ankadwala. Pobwera Loweruka ndinapeza madzi akutuluka mwamphamvu. Ndinaviika kapepala. Kanafiira.

Amalume anali pa benchi akusoka ukonde.

"Takukonzerani, a pulofesa. Makala anu aja anali atasanduka phala. Ndasinja a tsanya, ouma bwino. Amenewa ndiye makala."

"Akalewo ali kuti?"

"Kudzala. Abakha afukula kale."

Ndinakagwada kudzalako, kusefa phulusa ndi mamba a nsomba ndi manja anga, ana atandizungulira. Chilichonse kumeneko chinali chakuda. Ndinabwerera ndili mbuu.

"Ndinu mbuli, amalume. Mwataya ntchito ya chaka chathunthu."

Anaika ukonde pansi. Ulemu wachipongwe uja unatha.

"Mbuli ndine? Ndinakufunsa iwe, anthu akumva. Unandiyankha kuti chiyani?"



Lolemba aphunzitsi anatsegula mpope, anakhuthulira makalawo m'dzanja, n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangofunsa kuti anthu ndinawauza chiyani za mpopewo. Ndinanena zoona.

"Unali ndi masabata asanu ndi awiri oti uwafotokozere," anatero. Anamasula mpope ndi kasilinda, anatenga kope langa, n'kulowa m'galimoto. Za kalata sanatchule, inenso sindinafunse.

Amalume anapeza mpope wina n'kudzazamo makala awo. Anthu amati madzi akukoma tsopano, ndipo amawatamanda. Ndinatsala ndi timapepala toyezera tingapo. Ndinayesa kuonetsa amayi ena kufiira kwake, iwo anandiuza kuti ndichoke pamzere ngati sinditunga.