Nsapato imene inachotsetsa kalaliki ntchito

Mwa Amalawi onse amene anapondapo Nairobi, palibe anazama pa nkhani ya mitundu ya Amwenye kuposa ine. Maphunziro akewo ndinachitira m'sitolo ya nsalu, koleji itandipempha mwaulemu kuti chaka chachiwiri ndisavutike n'kubweranso.

M'sitolomo munali kalaliki, Mmwenye wofatsa amene anachoka kwawo zaka zisanu m'mbuyomo. Ankadya limodzi ndi abwana, Mmwenye mnzake, ndipo mayi a abwana ankamutcha mwana wawo. Tsiku lina nsapato yanga inayasamula ndikutsika minibasi ya ku Donholm, ija kumeneko amati matatu. Masana kalaliki anandikokera kuseri kwa mabelo, n'kuisoka mwachangu, maso ali kuchitseko.

"Abambo anga ankasoka nsapato," anatero. "Izi zithere pompano."

Ine ndinayesa ndi kudzichepetsa chabe. Kwathu munthu waluso timamutama, ndiye pa nthawi ya tiyi ndinakweza phazi pamaso pa mayi aja.

"Mayi, taonani! Mwana wanuyu ndi dokotala wa nsapato. N'zakumtundu, luso la abambo ake!"

Mayi sanayang'ane nsapatoyo. Anayang'ana kapu imene kalaliki anali nayo m'manja.

"Paja kwanu ndi mudzi uti, mwananga?"

Anafunsanso dzina la agogo ake, kenaka anaimba telefoni ku India. Kwa iwo wogwira zikopa ndi wodetsedwa, iye, ana ake ndi zidzukulu zomwe, kaya ali ndi digiri kaya alibe.

M'mawa mwake kapu ya kalaliki inali pawindo, pomwe pankakhala yanga. Ndinasuntha yanga pang'ono kuti mlendo apeze malo.

Kalaliki anachonderera abwana kuti asamuchotse ntchito, ine ndikupinda nsalu chapafupi. Anali ndi ana awiri pasukulu, ndipo chilolezo chake chokhalira m'Kenya chinkadalira ntchito yomweyo.

"Ine zimenezi sindizikhulupirira, ndinaphunzira ku Ulaya," anatero abwana. "Koma ndili ndi ana aakazi atatu. Zikamveka kuti unkadya patebulo pathu, adzawakwatira ndani?"

Mwezi utatha anamuchotsa. Potuluka anaima patsogolo panga n'kuyang'ana kumapazi kwanga.

"Ikugwira?"

"Ikugwira, achimwene."

"Chabwino."

Inagwiradi, sindinganame. Inzake ndiyo inayasamula patapita milungu iwiri, ndipo wosoka nsapato wa pasiteji, munthu wopanda chisoni ndi alendo, anandidula mashilingi makumi awiri.