Mimba ya Mkazi Mnzake

Ku Nkope mukafunsa za Safia, anthu angokuyang'anani ngati mwasochera. Nenani kuti Abiti Sulemani, ndiye aliyense akulozerani nyumba ya malata akale kuseri kwa mzikiti, pamene pali thandala loyanikapo usipa lalitali kuposa onse. Ndi mayi wamfupi, wa khosi lolimba chifukwa cha madengu a nsomba. Sukulu anasiyira sitandade sikisi, koma kuwerenga amatha, ndipo akayankhula sabwereza.

Anakwatiwa ali mtsikana ndi Che Ayub, msodzi wokhala ndi boti ndi ukonde wakewake. Mwana woyamba anabadwa bwinobwino, wamkazi, amene pano ali ku Joni ndi mwamuna wake. Mimba yachiwiri ndiyo inamuonetsa zakuda. Miyendo inatupa, nkhope inatupa, mutu unkawawa osaleka, ndipo amayi a m'mudzi ankamuombera m'manja kuti kutupa kotero ndiye kuti m'mimbamo muli mnyamata wamphamvu. Analidi mnyamata. Koma tsiku lina Safia anagwa ali pamtondo n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, ndipo pamene ankatsitsimuka kuchipatala, amayi anali atakaika kale kamwanako kumanda. Chichokereni pamenepo sanaimenso.

Che Ayub anadikira zaka zambiri, tisawanamizire. Koma imvi zitayamba kuoneka m'ndevu, anakwatira Yasmin, mwana wa Abiti Jaffalie wa kufupi ndi doko. Chipembedzo chimalola, shehe anadalitsa, ndipo Safia anaphika nawo mpunga wa paukwatiwo. Anthu anamutama kuti ndi wa mtima wabwino. Mtima wabwino wake uti? Kuyambira tsiku limenelo anasintha njira yopitira kunyanja, n'kumazungulira kuminda kuti asadutse pakhomo pa mtsikanayo. Nsanje anali nayo, yeniyeni, yodzuka nayo m'mawa n'kukagona nayo. Amuna ake akabwera pa masiku ake, ankanunkhiza malaya awo kuti amve sopo wa kunyumba inayo, ndipo akamumva ankakwiya, akapanda kumumva ankanunkhizanso.

Kenako kunabwera anthu a kafukufuku. Ankafuna kuona ngati foni ingapulumutse amayi oyembekezera a m'midzi yotalikira chipatala. Wowatsogolera kuno anali namwino wina wochezeka, dzina lake Memory, ndipo mudzi utafunsidwa kuti usankhe mayi wodzipereka, unasankha Safia. Anamupatsa foni ndi kalamba koyezera kuthamanga kwa magazi. Ukamanga kalambako pamkono wa mayi, foni imaonetsa mtundu: wobiriwira ndiye kuti zili bwino, wachikasu ndiye kuti apite kusikelo msanga, wofiira ndiye kuti foniyo yokha iuza anamwino ndipo ambulansi inyamuka.

Safia anaikonda ntchitoyo kuposa mmene ankaganizira. Foniyo anaisokera kathumba ka chitenje, ndipo akamayenda nayo m'mudzi ana ankakuwa kuti adokotala akudutsa. Kwa nthawi yoyamba anali iye wochitiridwa nsanje, ndipo anapeza kuti mbali imeneyi njokoma.

Ndiye Yasmin anaima.

Kuno mimba siitchulidwa chisawawa. Anankungwi asanayankhule, aliyense amaona koma amakhala ngati sakuona. Ndipo ngakhale atayankhula, mkazi mnzake wa pamitala safunsa, sayang'anitsitsa, sakhudza. Chikachitika choipa, chala chimaloza iyeyo anthu asanayambe n'kulira komwe. Safia anaugwira mwambo umenewu ndi manja awiri, chifukwa unamupatsa pobisalira. Memory akabwera n'kufunsa kuti, "Amayi, oyembekezera onse a m'mudzi muno mwawalowetsa mufoni?" iye ankayankha kuti, "Onse amene anandiuza." Silinali bodza, komanso sichinali choona, poti Nkope yense ankadziwa za mimba ya Yasmin, ngakhale mbuzi.

M'mawa wina maboti atakocheza, Safia anali padoko kugula usipa, ndipo anamuona mtsikanayo atakhala pabwato lovundikira, atagwira mutu. Mapazi anali atasefukira m'mbali mwa patapata. Maso anali atachepa chifukwa cha kutupa kwa nkhope. Safia anayang'ana kumbali msanga, koma anali ataona kale, ndipo zimene anaonazo ankazidziwa ngati njira ya kwawo.

Tsiku lomwelo linali lake lolandira Che Ayub. Akuluwo anadya mokondwa, akunyambita zala.

"Abiti Sulemani, mwaiona miyendo ya mng'ono wanu?" anafunsa choncho. "Apongozi akuti ameneyo ndi mnyamata basi. Inshaallah, ukonde wanga wapeza wousiyira."

"Alhamdulillah," anatero Safia, n'kutuluka ndi mbale.

Kuseri kwa nyumba anakhala pamwala, mtima ukutentha. Sanali kuchitira nsanje mwamuna yekha tsopano. Ankachitira nsanje nthawi imene mtsikanayo anabadwira. Kalamba kameneka kanali kuti pamene iye ankatupa? Foni yofiira inali kuti pamene ankagwa pamtondo? Iye anangoomberedwa m'manja ndi amayi, ndipo lero ndi iyeyo woti anyamule chipulumutso kupita nacho kwa amene anamulanda mwamuna. Ganizo loipa linabwera, ndipo sanalithamangitse msanga: ndingokhala chete. Palibe angandiimbe mlandu. Mwambo womwe uli kumbali yanga. Anaswali pemphero la usiku, koma mawu ake omwe sanawamve.

Kutacha anavala chitenje, n'kutenga kathumba kaja. Musaganize kuti nsanje inatha. Anapita nayo limodzi, kudzera njira yachidule imene anali asanaipondepo kuchokera paukwati uja.

Abiti Jaffalie anali kusesa pabwalo, ndipo atamuona anaimika tsache.

"Salaam aleikum, amayi," anatero Safia.

"Waleikum salaam. Kwagwanji, Abiti Sulemani? Mwasochera?"

"Ndabwera kudzayeza Yasmin."

"Kudzayeza chiyani? Wakuitanani ndani? Mimba ya mkazi mnzanu mukuifuna chiyani inu? Anthu akumva amvekere chiyani?"

"Anene zimene anganene. Kutupa kumeneku si mnyamata, amayi, ndi matenda."

Mayi wamkuluyo anaseka kuseka kowawa, n'kukweza mawu kuti oyandikana nawo amve. "Tamvani nsanje ikuyankhula! Mwamva kuti ndi mnyamata ndiye tulo tathawa. Bwererani ndi foni yanuyo, mukayeze usipa."

Amayi angapo anali atayamba kale kusuzumira pamipanda. Safia anamva manyazi mpaka kumapazi, makamaka chifukwa theka la mawuwo linali loona. Akanabwerera, koma pakhomo panatulukira Yasmin, akugwira chitseko kuti asagwe.

"Amayi, asiyeni andiyeze," anatero motsitsa mawu. "Chiyambire dzulo ndikuona tinyenyezi m'maso."

Anakhala pamphasa n'kutambasula mkono. Aka kanali koyamba Safia kukhudza thupi la mkazi mnzake. Linali lofewa, lotentha, la mwana wamng'ono, ndipo chala chake chinasiya dzenje pakhungu lotupalo. Kalamba kanafufuma, kanaphwa, foni inafiira.

"Mwaithira chiyani foniyo?" anakuwa Abiti Jaffalie.

Safia anamanga kalambako pamkono wake womwe, foni inabiriwira. Kenako anayang'ana mayi wamkuluyo m'maso.

"Inenso ankandiombera m'manja chonchi," anatero. "Inuyo munali pomwepo, amayi, munaomba nawo. Mnyamata wangayo ali kuti lero?"

Foni inalira, ndipo anali Memory, akufunsa kuti mayiyo ndi ndani, bwanji sali m'kaundula wa oyembekezera. Safia anangoti, "Ndi wa m'banja mwathu," ndipo namwinoyo, amene sanali mwana, sanafunsenso. Anati amugoneke chammbali, asamupatse mankhwala alionse a m'mudzi, ambulansi yanyamuka.

Kuchipatala cha kuboma anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Anatuluka mnyamata, wochepa ngati botolo, koma wamoyo ndi wolira mokweza. Yasmin nayenso anadzuka.

Che Ayub anapha mbuzi. Anathokoza Mulungu, anathokoza madokotala, anathokoza woyendetsa ambulansi, ndipo foni ija anaitama pamzikiti mpaka anthu anatopa nazo. Kwa Safia anati, "Mwachita bwino, Abiti Sulemani," ali chiimire, diso lili kunjira. Masiku osinthana nyumba anasokonekera pomwepo. Poyamba ankati mwana ndi wofooka, afunika bambo ake pafupi. Kenako anasiya n'kupereka chifukwa komwe, ankangotumiza nsomba. Safia analibenso malaya oti anunkhize.

Memory anabwera wosangalala, nati nkhani imeneyi ilowa mu lipoti la kafukufuku, popanda mayina, monga umboni wakuti foni ikufikadi kwa amayi amene chipatala sichiwafikira. Safia anagwedeza mutu. Amayi a m'mudzi nawo anatembenuka, n'kumamuuza pachitsime kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Iye ankangoti eya, koma mumtima ankati amene anayambitsa mwambi umenewu sanakhalepo pamitala.

Yasmin ndi mwana atatuluka kuchipatala, foni inalira m'mawa Safia akuyanika usipa. Inalemba kuti apite akaone mayi ndi khanda, aone mchombo, afunse za kuyamwa. Anasuntha chala kuti aone m'munsi, ndipo anapeza kuti ulendowo si umodzi. Foniyo inali itandandalika kale maulendo a kunyumba imeneyo, mwezi ndi mwezi, mpaka mwanayo adzamalize sikelo. Anakhala pansi pa thandala nthawi yaitali, ntchentche zikuchita zofuna zawo pansomba.

Anapita. Abiti Jaffalie anamuyalira mphasa yatsopano. Mkati mwa nyumba munkamveka Che Ayub akuimba kanyimbo, chinthu chimene Safia sanawamvepo akuchita pa zaka zonse za ukwati wawo. Yasmin anatuluka ndi kamwana kokulungidwa m'nsalu.

"Mulandireni, amayi ake aakulu," anatero.

Safia anamulandira. Anali wopepuka, wofunda, wa mphumi ya Che Ayub yeniyeni, wofanana ndi amene iye anakhala akumuona m'maganizo kuchokera tsiku limene anatsitsimuka kuchipatala manja ali opanda kanthu. Anaona mchombo, anafunsa za kuyamwa, anadina zonse mufoni ndi dzanja limodzi, ndipo mafunso atatha anayambiranso ena amene mufonimo munalibe. Mwanayo anayamba kufunafuna bere pachifuwa pake, ndipo Yasmin anatambasula manja. Kubwera pakhomopo kunali kovuta, koma sikunali kanthu poyerekeza ndi kumubweza.