Ndinawononga Nyimbo Yomaliza ya Mayi Namakhwa

Inu owerenga, mlandu uwu ndi wanga, kompyuta musaide.

Ndili ndi kasitudiyo ku Mbulumbuzi, kuseri kwa chigayo. Chaka chatha ndinagula laputopu ya mapulosesa eyiti, ndiye kuti mkati mwake muli antchito eyiti. Ndinayamba kuyenda modzimva moti njinga zinkandipatukira zokha. Ndikulumbira.

Kwaya ya kutchalitchi kwathu inabwera kudzajambula Lachiwiri m'mawa, chifukwa Lachinayi mayi Namakhwa, amene ankatsogolera nyimbo ine ndisanabatizidwe n'komwe, ankakachitidwa opaleshoni ya pakhosi. Adokotala anali atawauziratu kuti mwina mawu sadzabwerera.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pulogalamu yojambulira imagawa ntchito monga timagawanirana mizere m'munda wa nandolo. Mzere uliwonse wa mawu umapatsidwa kwa pulosesa mmodzi. Zokometsera mawu zikakhala pa mzere umodzi zimadikirana, chachiwiri sichiyamba choyamba chisanamalize, ndiye palibe mnzake angalandire khasu. Ine pofuna kuti kwaya izidzimva ngati ili pa wailesi, ndinalowetsa mamaikolofoni onse mu mzere umodzi n'kuunjikapo zokometsera khumi ndi ziwiri. Pulosesa mmodzi ankalima munda wonse, anzake seveni ali pamthunzi. Laputopu inatentha mpaka dzira limene linali pambali pake linaswa mwanapiye. Alipo, pano ndi tambala.

Ndinamva kuthetheka m'mahedifoni koma ndinati ndi waya chabe. Mayiwo anaimba kamodzi, mokoma kwambiri, n'kutopa.

"Zalowa, mwanangu?" anandifunsa.

"Zalowa, amayi."

Atapita ndinamvetsera. Nyimbo inali ndi mipata ngati chipeso chothyoka mano. Paliponse pamene pulosesa uja ankapuma wefuwefu, mawu sanalowe. Mnzanga wina wojambula ku Limbe ndi amene anandifotokozera zonsezi pa foni, n'kumaliza ndi kunena kuti chimene sichinalowe sichikonzeka, ngakhale mapulosesa akhale handiredi.

Mayi Namakhwa anachira, koma tsopano amangolankhula monong'ona. Lamulungu lililonse tikatuluka Misa amandigwira dzanja n'kufunsa chapansipansi, "Nanga nyimbo yathu ija?" Ine ndimati ikukonzedwa. Iwo amagwedeza mutu, akumwetulira.

Inu anzanga ojambula, mawu aliwonse muziwapatsa mzere wake, zokometsera muziika anthu atapita, ndipo mukamva kuthetheka imitsani nyimbo, ngakhale oimbawo akhale abishopu. Ine ndinasamukira ku Misa yoyamba kuti ndiwazembe mayi Namakhwa, koma sabata yatha ndinawapeza atafika kale, atandisungira malo pabenchi.