Maikolofoni ya Kumpanda

Amene anafafaniza mawu a malemu bambo anga ndine, osati makina, ndipo ndakhala nazo nthawi yaitali.

M'masiku a chipani chimodzi, pamene Chilomwe sichinkamveka pa wailesi, mng'ono wanga Fanuel, wodziwa zamagetsi, anabwera ku Chitakale kudzajambula bambo akutchula mayina a makolo athu a ku Mozambique. Chovuta chinali chigayo chapafupi, chimene chinkalira tsiku lonse.

Maikolofoni imodzi anaiika pakamwa pa bambo, ina kumpanda.

"Achimwene, yakumpandayi imve chigayo chokha," anatero. "Kabokosi aka kamaphunzira phokosolo n'kulichotsa lisanalowe m'tepi. Musaisunthe."

Iye atapita kukapempha akuchigayo kuti achepetseko, ine, mphunzitsi wathunthu wa ku mishoni, ndinaona kuti n'chipongwe maikolofoni kutumikira chigayo mkulu akulankhula. Ndinainyamula mwaulemu n'kuigwirizira pachibwano pawo. Nditamuona akubwera, ndinaibweza msangamsanga.

Kabokosiko kanasunga lamulo lake: chilichonse chomveka pa maikolofoni ija ndi phokoso. Kanachotsa bambo. Titatsegula tepi, munali kunong'ona chabe.

"Kodi ndafa kale?" anafunsa bambo.

Fanuel anagwada kupepesa, nati kabokosi kake kamuchititsa manyazi, adzabweranso pa Khirisimasi. Ine ndinangopukusa mutu. "Zinthu za masiku ano," ndinatero.

Bambo anatisiya mvula isanagwe. Mayinawo tikukumbukapo anayi okha. Fanuel anataya kabokosi kaja, kamene sikanalakwe kanthu.